Kapu Yachisanu ndi Chimodzi

Kiyi ndi mmodzi, ife tilipo asanu.
A Msowoya pageti atiponyera "Monire mose,"
ife kuyankha mopunthwa ngati ana a sitandade wani,
Felesiya n'kunena "Yewo" kawiri kuti asaperewere.

Nyumba yosanja ku Katoto, khomo lachitatu kumanzere.
Pa foni inkaoneka ngati bwalo la mpira;
tafika, chikwama cha Etelina chokha chadya theka la balaza.
Mabedi awiri, sofa yotsimphina,
ndi pepala kuseri kwa chitseko:
osasuta, osachita phokoso, chosweka mulipira.

Ku Balaka tinachoka thukuta lili kamukamu.
Kuno nkhungu yatsikira pazenera,
kuzizira kukulowa m'mafupa kosaodira,
Mwandida wavala masokosi m'manja.
Madzi otentha m'bafa akwana awiri okha,
wachitatu akusamba akuimba nyimbo ya maliro.

Etelina, msungichuma wathu wosasankhidwa,
akulemba pa katoni ya sopo:
tomato, bonya, mafuta, ya kabaza, ya mayunitsi.
"Wamaliza shuga ndani?"
Tonse tayang'ana kudenga.
Nasimango wayamba kale mkonono pa sofa,
nsapato imodzi ikadali kuphazi.

Ndine ndinatsegula kabati.
Mbale zisanu ndi imodzi, masupuni chimodzimodzi,
makapu oyera atandanda pamzere.
Ndinatsitsa asanu.
Yotsalayo ndinaikankhira kumbuyo, kumdima,
ndisanaonedwe.

Pa benchi ya kaunjika tinalipo asanu ndi mmodzi.
Ndaziona ndiye ankamasula belo,
kununkhiza jekete n'kutchula mtengo wake.
Tinamuika m'manda chaka cha njala chija,
mwana wake ali folomu thuu.
Kuyambira pamenepo mwezi ukatha
aliyense ankapatula ya madiresi awiri,
nthawi zina mokondwa, nthawi zambiri modandaula.
Mwandida anajombapo katatu, sitinaiwale,
koma fizi sinajombe.

Chakumadzulo kabaza waima pansipo.
Tiyanjane akukwera masitepe atanyowa,
gauni ya mawa ili m'jumbo, waikumbatira ngati khanda.
Watalika kuposa tonse.
Akuti mwambo uyamba mamawa ku Luwinga,
makadi olowera ndi awiri okha.
Pamenepo ndiye mkangano wabuka,
wina akuti ndine ndinamugulira chikwama,
wina akuti ndine ndinagona naye kuchipatala.

Felesiya wayala gauni patebulo, simbi yatentha,
wasita dzanja limodzi,
mita yalira ngati mwanapiye, magetsi thi!
Mumdimamo akazi asanu akupapasa mafoni,
Etelina akuwerenga manambala a mayunitsi mokweza,
ine ndikudina, ndaphonya, tayambiranso,
Nasimango wadzuka akufunsa ngati tafika pa Jenda.
Tinaseka mpaka oyandikana nafe anagogoda khoma.

Magetsi atayaka ndinatereka tiyi.
Makapu asanu patebulo.
Mwanayo sanafunse munthu:
anapita kukabati, napisa dzanja kumdima kuja,
natsuka kapu ija, nadzithirira,
masupuni atatu a shuga, osatakasa,
naigwira ndi manja onse awiri,
kuuzira, diso limodzi atatsinzina.

Palibe anayankhula.
Etelina, amene shuga amamuwerenga ngati ndalama,
anamusunthira chitini pafupi.

Makadi aja tinachita maere ndi timitengo ta machesi.
Ine ndinaimirira kunja kwa mpanda, m'mvula yowaza,
dzina lake ndinalimvera pa chimkuzamawu,
ndipo nthungululu zathu atatu akunjafe
zinaposa za awiri a m'kati.

Lolemba a Msowoya abwera ndi kabuku kawo.
Awerenga mapilo, awerenga masupuni,
agwedeza sofa, atiyang'ana, tati tinaipeza choncho.
Afika pa makapu: onse alipo, otsuka,
akudontha pathandala mozondoka,
asanu ndi limodzi.
Ndawapatsa kiyi, akadali wofunda.